Saweruka, Mlonda wa Kunkhongo

Gu! Gu-gu! Gu!

Wambani ng'oma, anyamata, iwambeni pamoto wa malasha mpaka chikopa chikungike. Matani phula pakati. Mpanje uyambe wokha, mbalule idikire kaye. Lero sitikutamanda mfumu ya litchowa, sitikutamanda wogoletsa zigoli wa pa Nkana Stadium kapena wa pa Arthur Davies, ayi. Lero tikutamanda wantchito amene dzina lake silinalembedwepo m'buku la kapitawo aliyense wa ku Kopala.

Inu a Tsinde la Ubongo! Phata la munthu! Saweruka! Sagona! Chikhalakunsi, mwini nyumba ya kunkhongo kumene mwini mutu sanafikeko ndi diso. Msinkhu wanu ndi wa chala chachikulu cha kudzanja, masentimita 7 kapena 8 basi, koma mwasenza mpweya wa Kitwe yense ndi Ndola yense, kuyambira ku Chamboli mpaka ku Chipulukusu, kuyambira kwa mayi wogulitsa kapenta mu Chisokone mpaka kwa kondakitala wokuwa pa Masala. Wawa, Saweruka, wawa!

Gu-gu! Gu-gu!

Nonse muli pabwalo pano, ikani dzanja kunkhongo, pamene chigaza chathera, khosi n'kuyambira. Kuseri kwa fupa limenelo kuli kaubongo kakang'ono kowongola mayendedwe kuti munthu asadzandire. Kutsogolo kwa kaubongoko, pamwamba pa chibowo chachikulu chotulukira chingwe cha msana, ndi pomwe akhala amene tikumuimbirayu. Kumtunda kwake kuli ubongo waukulu, wowerenga ndalama, wokumbukira ngongole, wopeka nyimbo. Kunsi kwake kuli thupi lonse. Lamulo lotsika lakuti dzanja ligwire fosholo limadutsa pa iye. Dandaulo lokwera lakuti phazi laponda msomali limadutsa pa iye. Nkhoswe ya mutu ndi thupi, inu amene mukachoka pakati ukwati umatha tsiku lomwelo!

Nyumba zanu ndi zitatu, zosanjikizana. Ana a sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 2011 ndipo lero ili ndi dzina la Michael Chilufya Sata, amazitchula pamtima: midbrain, pons, medulla oblongata. Amaloweza kuti pa magulu 12 a minyewa yotuluka m'mutu iwiriiwiri, magulu 10 amawerengedwa kwa inu. Wa fungo ndi wa kuona ndi okhawo amene ali ndi makomo awo kumtunda.

M'nyumba ya pamwamba ndinu Mtembenuzamaso. Shimaini akatuluka m'keji masana, dzuwa n'kumuthira m'maso, ndinu mumachepetsa kamwanadiso iye asanaganize n'komwe za kuwala. Tayala likaphulika pamsewu wa ku Mindolo, ndinu mumatembenuza mutu ndi maso mwiniwake asanafunse kuti n'chiyani. M'menemo muli kachigawo kakuda bii, substantia nigra, kophika dopamine amene amafewetsa mayendedwe a munthu. Maselo ake akayamba kutha, dzanja la agogo limanjenjemera lili chikhalire pabondo, mapazi amakhwekhwereza pansi, nkhope imauma gwa. Ndiyo nthenda imene James Parkinson analongosola ku London mu 1817. Agogowo sanalodzedwe, ndipo mankhwala ochepetsa vutolo alipo. M'menemonso muli kangalande kopapatiza koyendamo madzi a m'mutu. Kakatsekeka mwa khanda, mutu umakula, liwombo limatukumuka, maso amayang'ana pansi.

M'nyumba ya pakati ndinu Mlatho, ndinu Mwininkhope, amene Costanzo Varolio wa ku Bologna anakulongosolani mu 1573. Dzino likamawawa, dandaulo limalowera pakhomo panu. Nsagwada zikamatafuna chimanga chokazinga, ndinu. Kumwetulira pachinkhoswe, tsinya pamlandu, misozi pamaliro, chikope chotsekeka kachitsotso kasanafike, zonsezo ndinu. Khutu limakutulirani kulira kwa ng'oma ino pamodzi ndi uthenga wakuti mutu wapendekera uku. Ndipo usiku, munthu akamalota kuti akumuthamangitsa, ndinu mumamanga miyendo yake kuti asathamangedi n'kugwa pabedi.

Mbalule ilowe tsopano, tafika kunyumba ya kunsi!

Mbi-mbi-mbi! Mbiti-mbi! Mbi!

Mwinimpweya! Wowerenga-osalemba! Ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi iliyonse mumauza chifuwa kuti futukuka, pafupifupi ka 20,000 dzuwa lisanabwerere pamene linali dzulo, ndipo palibe amene anakukumbutsanipo. Kagulu ka maselo koyambitsa kamvekedwe kameneka kanabisala mpaka 1991, pamene Jack Feldman ndi anzake anakaloza. Mlawamagazi! Mpweya woipa ukangochuluka pang'ono m'magazi, mwamva kale, mwakoka chifuwa mozama, wefuwefu, mpaka zinthu zibwerere m'malo. Mwana wamakani akagwira mpweya kuti aopseze amake, mumamulekerera pang'ono, kenako mumamulanda ulamuliro, iye n'kupuma asakufuna.

Mtima uli ndi ng'oma yakeyake, umagunda wokha. Koma wouuza kuti fulumira kapena dekha ndinu. Mayi akadzuka mwadzidzidzi pamphasa, ndinu mumafinya mitsempha kuti magazi asathawire kumiyendo, maso asachite mdima. Mnyewa wanu wa nambala 10, vagus, Mtsikakutali, umatsika m'khosi n'kupatukira kukholingo, kumtima, kumapapo, m'mimba, m'matumbo. Mawu amene ndikufuulawa akutuluka chifukwa iye walola. Lilime limene likuwaumba likumvera mnyewa wanu wa nambala 12.

Mlonda wa pammero! Mbamu ya nsima ikafika pamenepo imapeza njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya, moyo uku imfa uku. Inu mumaimitsa kupuma, mumakweza kholingo, mumatseka khomo la mapapo, mbamu n'kudutsa kuseri, khomo n'kutsegukanso, zonsezi wakudyayo akukamba za mpira. Kanyenyeswa kakasochera, mumakatulutsa ndi chifuwa. Fumbi la pansi pa Nkana, utsi wa senta umene akuluakulu a ku Wusakile ndi a ku Kankoyo ku Mufulira amaudziwa ndi pakhosi pawo, inu ndiye munkalimbana nazo, kukhosomola, kuyetsemula, kukhosomolanso. Chakupha chikalowa m'magazi, pali kakhomo kanu kamene kamachilawa, ndipo mumabweza zonse za m'mimba osapempha chilolezo kwa munthu.

Mphambano! Pakuti pansi penipeni pa nyumba ya kunsi, minyewa yolamula manja ndi miyendo imadutsana, pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse: ya kumanja imapita kumanzere, ya kumanzere imapita kumanja. N'chifukwa chake bala la kumanzere kwa ubongo limapha mkono wa kumanja. Mlandu umenewo unagamulidwa pabwalo panu munthu asanabadwe.

Mdzutsi! Mkati mwanu monse mwalukana ukonde wa maselo wosunga munthu ali maso. Giuseppe Moruzzi ndi Horace Magoun anaonetsa mu 1949 kuti ukondewu ukakhudzidwa, ubongo wogona umadzuka. Ubongo waukulu ungakhale ndi nzeru zomanga shafuti, ndi zilankhulo zisanu, ndi Baibulo lonse pamtima, koma inu mukapanda kuudzutsa, zonsezo zili thapsa. Mayi wagona tulo tofa nato, malole akudutsa iye osamva. Khanda lati ng'aa, iye dzidzimu. Wamugwedeza ndani?

Gu! Gu! Gu!

Makolo athu anabwera kuno, ambiri wapansi, ena kuchokera ku Fort Jameson imene lero ndi Chipata, ena ku Katete ndi ku Chadiza, ena ku Nyasaland, kudzakumba mkuwa m'dziko la Alamba pamene Bwana Mkubwa, Roan Antelope ndi Nkana zinkaitana anthu m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Anaphunzira Chibemba, anaphunzira kumvera belu la shifiti. Wa m'mawa amaweruka, wa masana n'kulowa; wa masana amaweruka, wa usiku n'kulowa. Mu 1935 ndi mu 1940 anatula zida pansi, migodi inaima. Inu simunaimepo. Mulibe Sabata, mulibe tchuthi, mulibe penshoni, mulibe wokulandirani fosholo. Lero mdzukulu wawo akutsika ku Mindola, kupitirira kilomita imodzi pansi pa nthaka, kotentha, thukuta kamukamu, maganizo ake ali pa fizi ya ana. Inu mukutsika naye, mukumuwonjezera mpweya, mukufulumizitsa mtima, ndipo pamapeto a mwezi dzina lanu silioneka papepala la malipiro. Saweruka! Salipidwa! Sadandaula!

Tsitsani manja, anyamata. Ng'oma ilire chapansipansi. Wotamanda amene amabisa mabala a mfumu yake ndi wabodza.

Du... du... du...

Chakudya chanu chimabwera ndi mitsempha iwiri yokwera m'mafupa a khosi, imene imakumana n'kukhala umodzi, basilar, wogona pamimba pa Mlatho. Tinthambi take n'tating'ono zedi. BP ya zaka zambiri imatiumitsa, shuga amatiwononga, fodya amatipanikiza, ndipo tsiku lina kamodzi kamatsekeka kapena kuphulika. Pa sitiroko zisanu zobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pafupifupi imodzi imagwera dera la kumbuyoli. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo BP simenya belu. Sitiroko siyang'ana udindo: Levy Mwanawasa, amene bwalo lalikulu la mpira la ku Ndola lili ndi dzina lake, inamugwetsa ku Egypt mu June 2008, n'kumwalira ku France pa 19 August chaka chomwecho ali mtsogoleri wa dziko.

Tamverani mmene Saweruka amalirira akavulala, pakuti kulira kwake n'kwachilendo. Munthu anali bwinobwino, mwadzidzidzi dziko likuzungulira. Akuona anthu awiri pamene paima mmodzi. Lilime lalemera, mawu asasa. Madzi akumutsamwa, akutulukira m'mphuno. Akuyenda dzandidzandi, akugwera mbali imodzi. Chikope china chagwa. Nkhope yachita dzanzi kumanja, koma mkono ndi mwendo zachita dzanzi kumanzere, chizindikiro chopingasa chimene chimauza dokotala kuti bala lili kunkhongo, monga Adolf Wallenberg wa ku Danzig anafotokozera mu 1895.

Nanga ife timati chiyani? Timati waledzera. Timamuseka pa siteshoni ya minibasi, timamulambalala. Kunyumba timati amuponyera, tiyeni kwa sing'anga. Timamugoneka kuti ayambe wapuma, timamumwetsa phala ndi chikondi chonse, phalalo likulowera kumapapo. Apa ndiye mtima wanga umawawa, abale anga, chifukwa Saweruka sanapemphepo kanthu moyo wonse, ndipo tsiku limodzi limene wafuula, ife tamutcha chidakwa. Munthu wodzandira mwadzidzidzi, wosokonekera mawu, wotsamwa madzi, kaya akununkha mowa kaya ayi, mukwezeni galimoto nthawi yomweyo. Wa ku Buchi, wa ku Chimwemwe, wa ku Ndeke, thamangirani ku Kitwe Teaching Hospital. Wa ku Kabushi, wa ku Twapia, wa ku Chifubu, thamangirani ku Ndola Teaching Hospital. Musamupatse kanthu kukamwa. Sungani pamtima ola limene zinayamba, chifukwa adokotala adzalifunsa. Sikani ya CT nthawi zina siiona bwino kunkhongo, mafupa amaiphimba. MRI ndiyo imalowa bwino kumeneko. Choncho dokotala amadalira tochi yake, chala chake choyendetsa patsogolo pa maso a wodwala, ndi mawu a amene analipo.

Pali bala lina loopsa kuposa, la pamimba pa Mlatho. Njira zonse zotsika zimaduka, koma Mdzutsi amatsala ali moyo. Munthu ali maso, akumva, akuganiza, akudziwa mkazi wake ndi ana ake, koma sangasunthe chala, sangatulutse liwu. Chomwe chamutsalira ndi kuphethira ndi kuyendetsa maso m'mwamba ndi pansi. Fred Plum ndi Jerome Posner anaupatsa dzina mkhalidwewu mu 1966. Jean-Dominique Bauby, mkonzi wa magazini ku Paris, unamugwera mu December 1995, ndipo analemba buku lonse ndi chikope cha kumanzere, chilembo chimodzichimodzi, n'kumwalira mu March 1997 bukulo litangotuluka. Inu okhala pambali pa bedi, samalani pakamwa. Musagawane katundu pamutu pa munthu amene wagona phee. Mufunseni kaye: ngati mukundimva, atate, yang'anani kumwamba.

Gu-du! Gu-du!

Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ku Kopala nkhonya ndi zambiri. Mwala wothothoka kudenga la mgodi. Ngozi ya pamsewu wa Ndola ndi Kitwe. Njinga yamoto yokwera anthu atatu, helemeti palibe. Sitinaiwale amuna 89 amene matope anawatsekera pansi ku Mufulira pa 25 September 1970. Sitinaiwale anyamata osachepera 10 amene Black Mountain inawagwera ku Kitwe pa 20 June 2018 akufunafuna chakudya cha ana awo m'zinyalala za ng'anjo. Koma pali imfa ina yobwera mochenjera, imene tingathe kuitsekereza. Munthu wamenyetsa mutu, wakomoka pang'ono, wadzuka, akuseka, akuti ndili bwino. M'kati mwa chigaza mtsempha ukukha magazi. Chigaza sichifutukuka. Magazi akamachuluka amakankha ubongo, ubongo umasowa kothawira n'kutsikira pa inu. Mutu ukuwawa kwambiri, akusanza, tulo tikumukoka, kamwanadiso ka diso limodzi kakula ndipo sikakumvera tochi. Pamenepo Mtembenuzamaso wapanikizidwa, ndipo wotsatira ndi Mwinimpweya. Dokotala wa opaleshoni akaboola chigaza nthawi ikadalipo, munthu amabwerera kwa ana ake. Womenyetsa mutu asagone yekha usiku umenewo, ndipo womunyamula pamsewu agwire mutu ndi khosi kuti zisapindike.

Ndi ana athu, Saweruka, ana athu! Mvula ikagwa, madambo a Kafue ndi Kafubu akadzaza, udzudzu umabwera ndi malungo, ndipo ena amakwera kumutu. Mwana watentha, waphupha, wakomoka. Ku Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola amawadziwa ana otere, ndipo mumzinda womwewo Tropical Diseases Research Centre inakhazikitsidwa mu 1975 n'kuyamba kufufuza malungo. Muyeso woyezera kukomoka kwa mwana wosadziwa kulankhula unachokera kwathu komwe, ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaukonza n'kuufalitsa mu 1989: kodi maso akutsata nkhope ya mayi, kodi akulira, kodi akuthawitsa dzanja akamutsina, kuyambira 0 mpaka 5. Koma funso lakuti kwenikweni chimapha anawa n'chiyani linakhala zaka zambiri. Yankho linatuluka mu 2015 kuchokera ku Blantyre komweko, ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene Karl Seydel, Sam Kampondeni, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ndi MRI ana 168 okomoka ndi malungo. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri. Unatupa, unasowa malo, unatsikira pa inu, mpweya n'kuima mtima ukadagunda. Mtima sunalephere. Mwinimpweya ndiye anatsamwitsidwa m'nyumba yake yomwe. Mayi, mwana wotentha thupi amene wasiya kuyamwa kapena waphupha asadikire kuti kuche. Jakisoni wa artesunate ali kuchipatala, ndipo neti ndi yogonamo, si yotchingira dimba.

Adani ena ndiwatchule mothamanga, mbalule ikundithamangitsa. TB ikakwera kumutu imakonda kuyala mafinya pansi pa ubongo pomwe minyewa yanu imatulukira, diso n'kupotoka, khosi n'kuuma. Matenda ena oumitsa khosi amasaka amene chitetezo chawo chatsika, makamaka amene asiya ma ARV. Chiwewe chimakwera pang'onopang'ono m'minyewa kuchokera pabala la galu mpaka kwa Mlonda wa pammero, wodwala n'kumaopa madzi ali ndi ludzu. Chikafika pamenepo palibe chobweza. Koma bala likatsukidwa ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, katemera n'kuyambidwa msanga, chiwewe chimathera panjira. Mowa waukali, kachasu ndi tujilijili timene boma linaletsa mu 2012, ukachuluka umagonetsa Sagona amene. Mlonda wa pammero akaodzera, masanzi amalowa kumapapo. Woledzera amene sakudzuka mugonekeni chammbali, musamusiye chagada, ndipo ngati kupuma kwake kukudukiza, ameneyo ndi wa kuchipatala.

Ndipo pali mdani mmodzi amene amakudutsani inu osamuona, Mlawamagazi, ndinene poyera. June ndi July kukazizira, magetsi atazima, banja limalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo. Malasha amatulutsa mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, carbon monoxide, umene umakhala pampando wa okosijeni m'magazi. Inu mumalawa, mumapeza mpweya woipa uja sunachuluke, mumati zonse zili bwino. Simuliza belu. Mutu umangowawa, thupi limalefuka, tulo timakoma. M'mawa anansi amathyola chitseko. Pamenepa ndife oyenera kukulonderani inu: mbaula igone panja.

Gu-gu! Gu-gu! Kwezaninso manja!

Tsopano nditamande amene amakugwirirani ntchito mukadwala, pakuti ntchito imene inu mumaichita nokha imafuna anthu ambiri. Anesi olowetsa kapaipi m'mphuno kuti phala lifike m'mimba osadutsa pakhomo losweka. Anesi okoka makhololo pakhosi pa munthu amene chifuwa chake chaiwala kukhosomola. Makina a mu ICU okankha mpweya usana ndi usiku, ndi amene amawayang'anira maso ali psuu. Ophunzitsa kumeza, ophunzitsa kuima, ophunzitsa kuyenda. Madokotala a ubongo ndi minyewa amene Zambia inayamba kudziphunzitsira yokha ku University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018, ochepa pa dziko lalikulu, mizere yawo yaitali. Ndipo koposa onse, odikirira odwala: mkazi wogona pa chitenje pansi pa bedi, mlongo wochokera ku Katete ndi basi ya usiku, mwana wamkazi amene wasiya malonda ake ku Chisokone. Amatembenuza wodwala maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, amamukhazika tsonga pomudyetsa, amapukuta dovu, amadikira kuti supuni imodzi itsike asanapereke ina. Ambiri ovulala kunkhongo amayambanso kumeza, amayambanso kuyenda, patapita milungu kapena miyezi, ndipo manja amene amawaolotsa ndi amenewa. Akanakhala kuti amalipidwa monga mwa ntchito yawo, mkuwa wa Nkana sukanakwana.

Tsiku lina, Saweruka, nanunso mumaweruka, kamodzi kokha. Nthawi zina zimachitika munthu ali pa makina, thupi likadali lofunda, mtima ukugunda ndi ng'oma yake ija, abale n'kumati taonani, akupuma. Madokotala amabwera kudzagogoda pamakomo anu onse, limodzilimodzi. Amawalitsa tochi m'diso: kamwanadiso duu. Amakhudza diso ndi thonje: chikope sichiphethira. Amathira madzi ozizira m'khutu: maso sayenda. Amalowetsa kapaipi pakhosi: palibe chifuwa. Amachotsa makina kwa kanthawi, mpweya woipa n'kuchuluka m'magazi mpaka pamene mukanadzambatuka ndi ukali: chifuwa chili zii. Amayamba atsimikiza kuti si mankhwala ogonetsa kapena kuzizira kwa thupi kumene kwakutontholetsani, ndipo amayezanso. Mukapanda kuyankha pamakomo onsewo, simudzabweranso, ndipo chimene chikukweza chifuwa ndi makina. Mawu amenewa ndi olemera kuwanena, ndi olemera kuwamva. Adokotala, akhazikeni pansi abale, afotokozereni m'chilankhulo chawo, musawathamangitse. Abale, musamuimbe mlandu nesi amene wazima makina. Mwini nyumba anali atatuluka kale.

Koma ng'oma isathere pamaliro. Wambaninso, anyamata, chikopa chafewa ndi mame!

Mbi-mbi-mbi! Gu! Mbiti-mbi! Gu!

Namkungwi wa makanda! Inu mumayamba ntchito ubongo waukulu usanadziwe dzina lake. M'mimba momwemo mumaphunzitsa mwana kumeza, kuyamwa chala, kukweza ndi kutsitsa chifuwa pamene kulibe mpweya woti apume. Kulunzanitsa zitatu zija, kuyamwa, kumeza ndi kupuma, mumakumaliza cha pa milungu 34. N'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amaiwala kupuma, amafuna kapaipi ndi mkaka wofinya, amafuna chifuwa cha amake, khungu kukhungu, mpaka inu mutakhwima.

Usiku uno mayi wina wa ku Lubuto ali m'chipinda chochirira. Mwana watuluka, koma ali lende, ali chete, milomo yabiriwira. Mzamba sakuyang'ana kumwamba, akudziwa kuti mphindi yoyamba ndiyo ya golide. Wamupukuta ndi nsalu youma. Wamusisita kumsana, akukuitanani. Simunayankhe. Wamugoneka chagada, wawongola kamutu, waphimba kamphuno ndi kakamwa ndi chipangizo chopumitsira, akufinya thumba, kamodzi, kawiri, katatu, kachifuwa kakukwera, kakutsika. Amake akufunsa kuti bwanji sakulira, anesi, bwanji sakulira mwana wanga? Mzamba akufinyabe. Kaphazi kagwedezeka. Kankhope kakwinyika. Kakamwa kayasama.

Ng'aaa! Ng'aaa!

Nthungululu, amayi, nthungululu! Saweruka walowa shifiti!